Mabuku Awiri a Che Ndime

Loweruka lapitali tinavundukula chiliza cha amalume anga, a Barnaba, amene Lungwena yense ankawadziwa kuti Che Ndime. Abale anasankha ine kuti ndiwerenge mbiri yawo, poti ndine ndinawasamala m'matenda awo omaliza. Ndinaimirira, ndinatchula kumene anabadwira, sukulu ya mishoni imene anaphunzira, ndi ntchito ya ukalaliki imene anagwira pakhoti, kenaka ndinakhala pansi. Anthu anayang'anana. Mbiri ya munthu wamkulu chotere inatha msanga ngati pemphero la chakudya. Zimene sindinanene kumandako ndi izi ndikulembazi, chifukwa zandikhala pakhosi chaka chathunthu ndipo sizikumezeka.

Dzina la Che Ndime anawapatsa ndi asodzi a pagombe pathu. Amalume sankatha kumaliza nkhani osatchula ndime ya malamulo. Mbuzi ikadya chinangwa cha mnzako, ndime. Mkamwini akathawa nyumba asanafolere, ndime. Amayi anga, amene anali mlongo wawo wamng'ono, ankati munthuyu ngakhale madzi akumwa sangapemphe asanaone ngati malamulo akulola. Amalumewo anali munthu wamfupi, wadazi, pensulo kukhutu, tayi pakhosi ngakhale mwezi wa Okutobala pamene mchenga umawotcha mapazi. Khoti lathu laling'ono linali ulendo wa ola limodzi panjinga, ndipo ankapalasa ataimika msana ngati asenza mtsuko.

Tsiku lina munthu wina amene anali ndi mlandu wa malire a dimba anasiya nsomba zinayi za chambo kukhitchini kwawo, iwo ali kuntchito. Atabwera n'kumva, sanavule n'komwe nsapato. Anamanga nsombazo pakaliyala n'kuyamba kumusaka mwiniwake. Munthuyo anamva mphepo, anathawira kwa apongozi ake, kenaka kwa mnzake. Amalume anamupeza tsiku lachiwiri, nsomba zitatupa, ntchentche zikuwaperekeza ngati ukwati. Anaitana mboni ziwiri kuti zione akubweza. Akazi awo, amene anadyera therere masiku awiriwo, anatha sabata osawayankhula. Nkhani imeneyi tinkaiseka, koma tinkainyadiranso. Tinkati m'banja mwathu muli munthu amene sagulika.

Pakhonde pawo panali msomali, ndipo pamsomalipo pankalendewera thumba la kaki. M'thumbamo munali buku la malamulo oyendetsera dziko, limene analandira dziko litangolandira ufulu. Linali m'Chingerezi, ndipo chikuto chake anachikuta ndi nsalu yakuda. Asanalitsegule ankasamba m'manja. Mwana akalikhudza ankamenyedwa khofi. Ine anandilola kuligwira nditafika sitandade sikisi, ndipo kuwerenga Chingerezi ndinaphunzirira m'menemo, chala chawo chikuyenda pansi pa mawu.

Koma akafuna kuti munthu amvetse, bukulo ankalitseka n'kuloza kunyanja. Pagombe pathu panali kagawidwe kake ka nsomba. Khoka likatuluka, mwini wake akachotsa gawo lake, zotsalazo zinali za alovi, anthu okoka zingwe, ndipo ntchito yogawa inali ya anthu atatu. Woyamba ankaunjika milu pamchenga. Wachiwiri ankafulatira, nkhope kumtunda, ndipo mnzakeyo akaloza mulu n'kufunsa kuti uwu ngwa yani, iye ankatchula dzina asakuona. Wachitatu ankakhala mkulu wina amene sanakoke nawo ndipo salandira mulu. Iyeyu ankangodikira mkangano kuti authetse. Wounjika sankayerekeza kukuza mulu wina, poti sankadziwa kuti wake ukhala uti.

Amalume ankati azungu anafunika buku lathunthu kuti alembe zimene makolo athu ankachita pamchenga. Aphungu a ku Nyumba ya Malamulo ku Zomba ndiwo ounjika milu, ankatero, chifukwa amapanga lamulo asakudziwa kuti lidzagwera ndani, mwina iwo omwe. Mtsogoleri wa dziko ndi nduna zake ndiwo opereka miluyo kwa eni ake, ndipo saloledwa kusankha nkhope. Makhoti ndiwo mkulu uja wosadya nawo. Munthu mmodzi akagwira ntchito zitatuzi yekha, ngakhale akhale woyera mtima ngati mngelo, kugawa kwatha, kwatsala kulanda. Akatero ankatsegula chaputala chimene ankachikonda koposa, cha ufulu wa munthu, n'kumasulira ndime yonena kuti boma likagwira munthu liyenera kumufikitsa pamaso pa woweruza, osati kungomusunga.

Kunyumba nakonso lamulo linali lomwelo. Mbuzi ya Khirisimasi ikaphedwa, wodula nyama sankasankha, ndipo amalume ankafulatira n'kumatchula mayina a mabanja. Chaka china iwo omwe anagweredwa ndi mapazi ndi matumbo, ndipo ananyamula akumwetulira ngati apambana mpikisano.

Amene ankalimbana nawo anali Che Amidu, telala wa pafupi ndi mzikiti, mnzawo wa bawo kuyambira unyamata. Madzulo alionse ankakhala pakhonde paja, wina Mkhristu wina Msilamu, kukangana ngati mitala. Nthawiyo n'kuti dziko litasintha kale. Chipani chinali chimodzi, mtsogoleri anali wamuyaya, ndipo pamsika, pachipatala ngakhale pokwera basi ankayamba aona khadi la chipani.

"Che Ndime," ankatero Che Amidu akutaya njombwa m'maenje a bawo, "buku lanulo lili ndi apolisi angati?"

"Silifuna apolisi. Apolisi ndiwo amalifuna."

"Wallahi, ine mwezi uno ndasoka malaya ofiira a anyamata a chipani mpaka msana kuwawa. Palibe ndi mmodzi yemwe wandifunsa za ndime."

"Asintha denga, Che Amidu. Nsanamira zikadali zomwe zija. Khoti ndi khoti."

"Basi, tidzaona. Sewerani, mukuchedwa."

Ife tinkakhala mbali ya amalume. Kumudzi tinkaganiza kuti buku la malamulo lili ngati Baibulo, likalembedwa lalembedwa. Zoti anthu angathe kukhala pansi ku Zomba n'kulemba lina, n'kuchotsamo zimene sakuzifuna, sizinatibwerere m'mutu. Ndipo amene akanatiuza anali amalume omwewo.

M'matenda awo omaliza anali munthu wina. Tayi anali ataisiya kalekale. Zipani zambiri zitabwera, achinyamata anabwera kudzawapempha kuti awafotokozere malamulo atsopano amene ankalembedwa, poti dera lonse katswiri anali iwo. Anawabweza, amvekere maso afooka. Koma ine ndinkawaona akulowetsa ulusi pasingano popanda magalasi. Ndinkawasambitsa, ndinkawamwetsa phala, ndinkawatembenuza kuti asachite zilonda. Kutatsala masiku atatu kuti amwalire anandigwira dzanja.

"Esitere, bokosi lachitsulo lija usadzatsegule pagulu. Udzatsegule wekha."

"Muli chiyani, amalume?"

"Mapepala chabe."

Ndinaganiza kuti ndi manyazi a munthu wokalamba, mwina makalata a chibwenzi chakale. Ndinaseka n'kuwafunditsa.

Tsopano ndinene za mchimwene wanga Yohana, chifukwa popanda iye mbiri ya amalume ndi chikuto chopanda masamba. Yohana anali woyamba kubadwa m'mimba mwa amayi. Anakagwira ntchito kumigodi ku Joni, n'kubwerako ndi khoka lakelake. Anali wamtali, waphokoso, wosachedwa kupsa mtima komanso wosachedwa kuseka. Atate atamwalira, amalume ndiwo anamulera, ndipo mawu awo onse ankawadziwa pamtima.

Chaka china wapampando wa chipani m'dera lathu anabweretsa mpando wake pagombe. Anati kagawidwe ka anthu atatu n'kachikale ndipo kamachedwetsa chitukuko. Kuyambira pamenepo wounjika anali iye, wotchula mayina anali iye, ndipo ukadandaula wokuweruza anali iye yemweyo. Mulu woyamba unali wa chipani. Wopanda khadi analibe mulu, ngakhale manja atasupuka ndi chingwe.

Tsiku lina m'mawa wapampandoyo anamumana mulu mlovi wina wokalamba amene khadi lake linanyowa n'kufufutika. Yohana anatapa m'dengu la chipani n'kumupatsa mkuluyo. Wapampando anagwira dengu, Yohana anakoka, ndipo bwanayo anagwa chagada m'madzi, nsapato m'mwamba, amayi ogula nsomba akuona. Kuseka kumene kunabuka pamenepo ndiko kunapha mchimwene wanga. Ndipo iye, m'malo motseka pakamwa, anakuwa mawu a amalume aja, kuti munthu mmodzi akamaunjika, kutchula ndi kuweruza yekha, ameneyo ndi wolanda. Dzuwa lisanafike pamutu anyamata a malaya ofiira anali atanyamula khoka lake lija. Yohana anadzera kumapiri, anafika ku Katuli, n'kuwolokera ku Mozambiki kwa abale a malemu atate.

Anakhala kumeneko miyezi itatu. Anali wamoyo, ankalima, ankatitumizira moni kudzera kwa ogulitsa fodya. Mkazi wake ndi ana awiri tinkawadyetsa ife. Zinali zowawa, koma zinali zopiririka.

Ndiye tsiku lina amalume anafika kwa amayi ndi kalata yopita kwa Yohana, mu envelopu yomata kale. Sanaitanitse banja kuti tikambirane, ngakhale kuti nkhani ya nkhuku yomwe ankaitanitsa mbumba yonse. Anangoti nkhani ya Yohana yalowa m'khoti ngati mlandu wa khoka ndi kukankhana, tsiku laikidwa, ndipo akabwera yekha chachikulu ndi chindapusa. Akapanda kubwera adzakhala wothawa boma moyo wake wonse.

"Achimwene, mwaonetsetsa?" anafunsa amayi. "Anthu awa si oseweretsa."

"Mlongo, chipani ndi chipani, khoti ndi khoti. Khoti likanena, palibe wina angamukhudze." Anayankha dzanja lili pathumba la kaki, limene tsikulo anabwera nalo.

Wonyamula kalata ndinali ine, chifukwa mzimayi wa mwana kumsana sankafunsidwa zambiri panjira. Ndinakwera lole mpaka ku Namwera, kwinako wapansi. Yohana ndinamupeza akusenda chinangwa. Anawerenga kalatayo kawiri, n'kuipinda, n'kundiyang'ana.

"Iwe ukuti bwanji, Esitere? Usandiuze za amalume. Iweyo."

"Achimwene, amalume anayamba anamapo?"

Anaseka. "Munthu wobweza chambo chowola. Chabwino, tiye."

Mawu oti amalume sanama ndinanena ndine. Palibe amene anandikakamiza. Ndawasenza zaka zonsezi.

Tsiku la mlandu khoti linadzaza mpaka ena anakwera m'mazenera. Panja, pansi pa mtengo wa mango, panaima galimoto ya landirova imene sitinkaidziwa, ndipo tinkayesa ndi ya a zaulimi. Amalume anakhala patebulo lawo pansi pa woweruza, tayi yatsopano, mapensulo atatu osongoka. Woweruzayo anali mkulu wofatsa, ndipo tsiku limenelo analimba mtima. Anamva mbali zonse. Anati Yohana analakwa kukankha munthu, alipe mbuzi imodzi. Anatinso wapampando analibe mphamvu yolanda khoka, chifukwa kulanda katundu wa munthu ndi chigamulo, ndipo chigamulo chimachokera kukhoti. Khoka libwezedwe. Anthu anafuna kuwomba m'manja koma anaopa. Ndinayang'ana amalume. Nkhope yawo inkawala ngati ya mkwati, dzanja likuthamanga papepala.

Tinatuluka. Amayi anali atayamba kale kulira kwa chimwemwe. Yohana atangoponda sitepe yomaliza, amuna atatu ovala wamba anatsika m'landirova muja. Mmodzi anaonetsa pepala, n'kunena kuti lasainidwa ndi nduna, munthuyu akusungidwa pa zifukwa za chitetezo cha dziko. Mlandu panalibe, tsiku lobwerera panalibe.

Amalume anatuluka akuthamanga, buku lakuda lili lotsegula m'manja. Anaima kutsogolo kwa galimoto n'kuyamba kuwerenga mokweza m'Chingerezi ndime ija ya munthu wogwidwa. Mmodzi mwa amunawo anawasuntha ndi dzanja limodzi ngati akusuntha mwana panjira.

"Madala, kapumeni. Zimenezo ndi zakale."

Buku linagwera m'fumbi. Yohana ali kale m'galimoto anasuzumira pa kazenera ka waya. Sanayang'ane amalume. Anayang'ana ine.

"Esitere, khoka mukatenge. Khoti lanena."

Khokalo sitinalilandire. Patapita madzinja atatu kunabwera kaphukusi ka buluku ndi malaya, ndi uthenga wapakamwa woti Yohana anadwala, anamwalira ndipo anaikidwa konko. Konko kuti, palibe anatiuza. Amayi anapempha kuti kumanda, pambali pa malo awo, pasiyidwe danga la munthu mmodzi, mwina mafupa adzabwera. Iwo anatsogola, danga lija linatsala.

Amalume anasiya ntchito chaka chomwecho cha mlandu. Thumba linabwerera pamsomali koma silinatsikenso. Mvula ikangoyamba ankatenga khasu n'kukalambula danga la Yohana, okha, osalola wowathandiza. Anthu ankapukusa mitu ndi chisoni: taonani munthu wolungama mmene boma lamupusitsira. Nanenso ndinkatero. Ndikalira Yohana ndinkaliranso amalume. Che Amidu atasiya kubwera kudzasewera bawo, tinamutcha wamantha, wothawa mnzake pa tsoka. Ndinatha zaka osamupatsa moni, ndipo zovala ndinkakasoketsa kutali.

Bokosi lachitsulo ndinalitsegula patapita sabata ziwiri chiikireni maliro awo, ndili ndekha monga ananenera. Pamwamba panali suti ya kutchalitchi. Pansi pake panali buku lina la malamulo oyendetsera dziko, lachiwiri, limene sindinalionepo chibadwire. Patsamba loyamba panali chidindo cha khoti ndi siginecha yawo, kusonyeza kuti analilandira zaka zingapo nkhani ya Yohana isanachitike. Sikuti linangosungidwa. Linawerengedwa mpaka makona kupindika. Pa ndime yonena kuti m'dziko mudzakhala chipani chimodzi chokha anadula mzere. Pa ndime zopereka mphamvu kwa mtsogoleri anadula mizere iwiriiwiri. Ndipo pa mndandanda wa machaputala, pamene m'buku loyamba panali chaputala cha ufulu wa munthu, analemba ndi pensulo mawu amodzi: palibe.

Pakati pa bukulo panali pepala lotayipa lochokera ku boma. Linkati munthu wotchedwa Yohana akufunidwa pa nkhani ya chitetezo, khoti liike tsiku la mlandu wake wa khoka, ndipo kalaliki adziwitse a boma za tsikulo. Ndinalitembenuza. Kumbuyo kwake, ndi dzanja lija linandiphunzitsa kuwerenga, kunali kalata imene ndinanyamula, poyeserera asanailembe bwino. Pamzere wina anayamba alemba kuti ndikuganiza kuti palibe choopsa. Anafufuta, n'kulemba pamwamba pake kuti ndikukutsimikizira.

Ndinakhala pansi pasimenti mpaka miyendo inachita dzanzi. Sindinalire. Ndinangomva manja angawa, amene anawasambitsa ndi kuwamwetsa phala, akundinyansa.

M'mawa mwake ndinapita kwa Che Amidu. Ndinawapeza atakhala pafupi ndi makina osokera amene sankawaonanso bwino, mikanda yopempherera ya tasibihi m'manja. Ndinaika pepalalo pamwendo pawo. Analipapasa, ndipo sanafunse kuti ndi chiyani.

"Mwalipeza, mama."

"Munkadziwa?"

"Anandionetsa pabawo, tsiku lomwe linafika. Ndinati, Che Ndime, tumani mwana akamuuze asadzapondenso kuno mpaka dziko litatembenuka. Anandiyankha kuti khoti likayamba kuyankhula, pagulu, masana, anthu aja adzachita manyazi kumugwira. Ankati dziko lino liyenera kuona kamodzi kokha kuti khoti ndi khoti."

"Anawaopseza? Anati awachotsa ntchito? Awamanga?" Ndinkafuna ndithu ayankhe kuti inde.

"Ayi, mama. Akanawaopseza, bwenzi ndikupitabe kukasewera nawo. Mantha tonse tinali nawo, ndi matenda a dziko. Koma awo sanali mantha. Ankafuna kuyesa buku lawo, ndipo choyesera anatenga mwana wa mlongo wawo."

"Nanga inu osatiuza bwanji?"

Anatembenuza tasibihi. "Ine ndinali wosoka malaya ofiira. Ndinaopa. Mulungu andifunsa, inshallah posachedwa."

Ndayesa kuwamvetsa amalume. Ndikudziwa kuti sanadye kanthu pa nkhaniyi. Ndikudziwa kuti pamene ankawerenga kutsogolo kwa galimoto ija sankachita sewero, ankakhulupiriradi kuti mawu angaimitse matayala. Koma chimene chimandiwotcha ndi ichi. Munthu amene anatiphunzitsa kuti mphamvu isakhale m'dzanja limodzi, tsiku limene moyo wa mwana wa mlongo wake unali pamchenga, anagwira ntchito zonse zitatu yekha. Anadziwa yekha, anasankha yekha, anadziweruza yekha kuti akuchita bwino. Akanangoyala mapepala awiriwo pamphasa, pamaso pa amayi, mkazi wa Yohana ndi ine, mmodzi wa ife akanati ayi. Amayi sankadziwa ndime ngakhale imodzi, koma akanati ayi. Nyama ya mbuzi ankaigawa atafulatira kuopa kukondera, koma pa Yohana sanafune mboni.

Ndipo anandisiya ndikudziimba mlandu zaka zonsezi, akundiona. Ndikati, amalume, ndine ndinamubweretsa, ankangoti usadzizunze, mwanawe, n'kuyang'ana kunyanja. Choonadi anachitsekera m'bokosi kuti ndidzachipeze iwo atapita kumene sindingawafunse. Ngakhale mlandu wawo womwe anauika tsiku loti woimbidwa mlandu sadzapezekapo.

Abale awiri amene ndinawaonetsa mapepalawo anandipempha kuti ndisunge pakamwa. Akuti khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo dzina la Che Ndime ndilo chuma chokha chimene banja lathu lili nacho. Pachiliza analemba kuti anakonda chilungamo. Sindinatsutse, chifukwa si bodza. Anachikonda kuposa mmene anatikondera ife.

Nyumba yawo tsopano ndi yotseka. Pakhonde msomali ulipobe, wachita dzimbiri, ndipo pakhoma pali chigamba choyera pamene thumba linkatchinga dzuwa. Bawo anaiika chafufumimba pakona, nkhuku zimagonapo masana. Pasimenti pali timaenje tinayi pamene miyendo ya mpando wawo inadya kwa zaka zambiri, ndipo ana odutsa akupita kugombe amatsitsabe mawu akafika pamenepo.

Kumanda chiliza chawo chikuwala, maluwa a pulasitiki akadali atsopano. Mukachoka pamenepo mapazi asanu, pambali pa amayi, pali danga lija. Chaka chino palibe analambula, udzu wafika m'mawondo. Palibe mtanda, palibe mtumbira, ndi pansi pathyathyathya pongokwana munthu wamtali. Amalume anatchula dzina la Yohana osafulatira, akuona bwinobwino kumene likugwera. Ife mpaka lero sitinalandire ngakhale fupa limodzi loti tiikepo.